Ndinayamba Basiketibolo Manja Akunjenjemera

Dzina langa ndine Esinati. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndimakhala konkuno ku Senga Bay, ndipo mwana ndili naye mmodzi, Tiyamike. Ena mwa inu mwandizindikira ndisanatsegule pakamwa, chifukwa tinkakumana kumalo amene tonse muno tikuyesetsa kuwasiya. Choncho kubisa kulibe phindu.

Kale ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala, ndipo kumeneko anatiphunzitsa kuti mfundo yaikulu izikhala koyambirira. Mfundo yake ndi iyi: chifukwa cha mowa wanga, mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri anatsala pang'ono kumwalira, ndipo achimwene anga anamutenga n'kupita naye ku Chitala. Zonse zimene ndinene pano ndi za mmene ndinavutikira kuti abwerere.

Mowa sindinauyambire kumashabini. Ndinauyambira m'mahotela a m'mbali mwa nyanja muno, nditavala jekete, chiphaso chili pakhosi. Mukudziwa kuti mabungwe amakonda kuchitira misonkhano yawo kuno, ndipo mtolankhani amaitanidwa paliponse. Msonkhano ukatha pamakhala zakumwa zaulere. Ndinayamba ndi botolo limodzi kuti ndisaoneke wachimidzi. Pomatha zaka ziwiri ndinali kusankha msonkhano poyang'ana hotela imene sawerenga mabotolo.

Ntchito inatha motere. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa litakwera, mutu ukuphulika. M'chikwama ndinali ndi ndondomeko ya msonkhano wa tsikulo pamodzi ndi pepala la zimene mlendo wolemekezeka amayenera kulankhula, poti anali atatigawiratu. Ndinakhala pakama n'kulemba nkhani yonse: mlendo ananena zakutizakuti, anthu anaomba m'manja. Nkhaniyo inatuluka. Koma msonkhanowo sunachitike. Anauimitsa m'mawa womwewo chifukwa mlendoyo kwawo kunagwa maliro. Mkonzi wanga sanakalipe. Anangondifunsa pafoni kuti anthu oomba m'manjawo analipo angati.

Bambo ake a Tiyamike anali atapita kale ku Joni n'kukhala chete. Ndinayamba kugulitsa usipa wouma pamsika, ndipo mowa wa m'botolo unandikulira mtengo, ndinatsikira ku kachasu. Kachasu ndi woyera ngati madzi. Ndinkamuthira m'botolo lapulasitiki la madzi akumwa, kotero pabenchi langa anthu ankangoona mayi womva ludzu. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo, Tiyamike anatenga botololo m'thumba langa n'kupita nalo kusukulu. Nthawi yopuma anamupeza atagona kuseri kwa kalasi, osayankha. Aphunzitsi anathamanga naye kuchipatala panjinga yamoto. Ine anandipeza cha m'ma leveni koloko m'mawa, pakhomo pa mayi wina wotcheza kachasu, nditakhala pamtondo. Ndinafika kuchipatala ndikudzandira, ndipo sanandilole kulowa. Anandikhazika pabenchi panja. Zimene zinkachitika m'katimo sindinazione.

Madzulo anafika achimwene anga aakulu, a Gelesomu, mlimi wa chimanga ku Chitala, amene ndiwo mwini mbumba kwathu chimwalirireni amalume. Ndi munthu wosachulutsa mawu. Tsiku lachitatu mwana atatuluka, sanadutse naye n'kunyumba kwanga komwe. Pasiteji ya minibasi anandiuza kuti:

"Esinati, mwanayu ndi wa mbumba yonse, si wako wekha. Ukadzakhala munthu ndidzabwera naye ndekha. Usandiitane."

Apa ambiri amayembekezera kuti ndinene kuti tsiku limenelo ndinasiya mowa. Sindinasiye. Ndinamwa koposa kale kwa miyezi itatu, chifukwa tsopano kunyumba kunalibe wondidikira. Ndikunena izi kuti wina amene mantha aakulu sanamusiyitse asadzione ngati yekhayo wotembereredwa.

Njira yanga yopita kwa mayi wa kachasu inkadutsa pasukulu ina ya sekondale, pamene pali bwalo lasimenti la basiketibolo, long'aluka m'makona, ring'i imodzi yopendekeka pang'ono. Ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku cha m'ma folo koloko madzulo. Lolemba lina mu Januwale, mvula itangokata, panali amayi asanu ndi anayi akuchotsa madzi pabwalopo ndi matsache. Mmodzi, wamfupi, wovala mpango wophimba mutu ndi thalauza lamasewera, anaima n'kundiyang'ana.

"Amake Tiyamike, tikuperewera mmodzi. Ndinu wamtali. Bwerani."

Ndinadzidzimuka kuti dzina la mwana wanga walidziwa bwanji. Sindinamukumbukire n'komwe. Anali a Mwanaisha, anesi a kuchipatala kuja, kwawo ku Chipoka, ndipo ndiwo amaphunzitsa timu imeneyi ya anamwino, aphunzitsi ndi amayi a pamsika. Ndikanakana, koma kudzitama kunandigwira. Kusekondale ndinali katswiri woponya zigoli pa ntchemberembaye. Ndinkadziwanso kuti ring'i ya basiketibolo ndi ya ntchemberembaye n'zotalika mofanana, mamita atatu ndi masentimita asanu. Ndinawauza zimenezo, ngati munthu wodziwa. Ndinavula masilipasi, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kulowa.

Amene munasewerapo ntchemberembaye mumvetsa zimene zinachitika. Kumeneko ukagwira mpira umaima nji, osasuntha phazi, ndipo pasanathe masekondi atatu umaupereka. Wokutchinga amaima patali pafupifupi mita imodzi, sakukhudza, ndipo mpira uli m'manja mwako ndi wako. Thupi langa linali lisanaiwale zimenezo. Atandiponyera mpira ndinaugwira bwinobwino n'kuuma ngati chipilala, mwendo umodzi uli m'mwamba, maso akufuna wompatsa. Mphunzitsi wina wa thupi lake ndithu, a Nachisale, anangobwera n'kuutsomphola m'manja mwanga. Ndinatsala manja ali momwemo. Ndinakuwa kuti wandikhudza, wandilanda. Bwalo lonse linagwa ndi phwete.

"Achemwali, mukudikira minibasi pamenepo?" anatero a Nachisale, ali kale kutsidya.

Pothamanga ndinaima pamzere wa pakati, chifukwa woponya zigoli wa ntchemberembaye ali ndi malire ake. Anandikalipira kuti kuno aliyense amapita paliponse. Potchinga ndinkaima patali mwaulemu, manja m'mwamba, anthu n'kumangodutsa. Kenako a Mwanaisha anati ndinjanjitse mpira, ndiyende nawo. Ndinaumenya ndi chikhatho ngati ndikupha udzudzu. Unagunda chala changa chakuphazi n'kugubuduka mpaka m'udzu. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndipo pamenepo ndinaona manja anga. Ankanjenjemera poyera, pamaso pa anthu asanu ndi anayi, chifukwa nthawi yanga yomwa inali itadutsa ndi theka la ola. Pabenchi la usipa ndinkawabisa m'chitenje. Apa panalibe pobisa.

Sindinathe mphindi zisanu. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa mtengo wa mango. Nditadzutsa mutu, a Mwanaisha anali ataima pambali panga ndi kapu ya madzi. Anandidikira kuti nditsuke m'kamwa. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chimene Tiyamike anamwera za m'botolo lija. Ndinati ankaganiza kuti ndi madzi. Ndi zimene ndinkauza aliyense, ndipo ndi zimene ndinkadziuza ndekha: ngozi.

Anapukusa mutu. Anati iwo ndi amene anali naye pamene ankatsitsimuka, ndipo anamufunsa.

"Ankadziwa kuti si madzi. Inu munamuuza kuti m'botolomo muli mankhwala anu a mutu. Mutu unamupweteka masiku awiri, ndipo tinamupezanso ndi malungo. Anati anakuuzani koma munali mutagona. Ndiye anatenga mankhwalawo, anatsina mphuno, n'kumeza mokakamiza mpaka theka. Atadzuka, choyamba kupempha chinali chakuti tisawauze amama, akwiya kuti wawathera mankhwala."

Abale anga, ine ndalembapo nkhani za ngozi zapamsewu ndi za anthu omira m'nyanja. Ndinkaganiza kuti palibe chondidzidzimutsa. Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinakumbukira tsiku limene ndinanena bodza la mankhwalalo, ndi diresi limene mwanayo anavala pondifunsa. Za mutu wake wa masiku awiri sindinakumbukire chilichonse, mpaka lero. Miyezi itatu yonse ndinkalira ngati munthu wogweredwa tsoka, pamene mwanayo anangotsatira malangizo anga.

A Mwanaisha sananditonthoze. Anati mawa m'mawa ndikafike kuchipatala ndisanamwe kanthu, ndipo Lachitatu folo koloko ndidzabwere pabwalo ndi nsapato. Ndinawafunsa kuti mpira ukugwirizana bwanji ndi zimenezi. Anati sakudziwa, koma akudziwa kumene ndimapita folo koloko, ndipo munthu sangakhale malo awiri.

Choyamba chimene ndingakuuzeni ndi chimenecho cha chipatala. Ngati mwamwa tsiku lililonse kwa zaka, musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'nyumba. Thupi limatha kukugwetsani, ena amakomoka. Ine anandiyeza, anandipatsa mankhwala a masiku oyambirira, ndipo sabata yoyambayo ndinkatuluka thukuta ngati ndanyamula matumba. Lachitatu ndinapita pabwalo ndi nsapato zakaunjika, koma sindinasewere. Ndinangokhala pambali mpira uli pamiyendo.

Sabata yachiwiri a Mwanaisha anayamba kundiphunzitsa, ndipo sanayambire ku ring'i. Ndinadandaula, poti kuponya n'kumene ndinkadziwa. Anati woponya amene sangathe kufika ndi mpira pa ring'i ali ngati msodzi wa ukonde wabwino wopanda bwato. Anandiimika pakona: mapazi motalikirana ngati mapewa, mawondo opinda, msana wowongoka. Mpira sumenyedwa ndi chikhatho, umakankhidwa ndi nsonga za zala, ndipo usapitirire m'chiuno pobwerera. Dzanja linalo limakhala kutsogolo kuuteteza. Ndinachita zimenezo ndili chiimire masiku atatu, ena akusewera. Mayi wa zaka zanga, wodziwa kulemba nkhani ya tsamba loyamba, akuphunzira kugunditsa mpira pansi.

Kenako maso. Munthu woyamba kumene amayang'ana mpira, ndipo woyang'ana mpira saona mnzake kapena mdani. A Mwanaisha ankaima kutsogolo kwanga n'kumatukula zala, ine n'kumatchula kuti ndi zingati uku ndikunjanjitsa. Ndikangoweramitsa mutu, tiyambirenso. Litazolowera dzanja lamanja, anati lamanzere. Dzanja lamanzere linali ngati la munthu wina. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lamasewera linkayamba mofanana kwa aliyense: kuyenda bwalo lonse, kupita ndi kubwera, ukunjanjitsa ndi lamanzere, maso ali pa zala za anesi.

Timasewera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Masiku enawo ndi amene anali oopsa. Anesi anandibwereka mpira wakale wosalala, ndipo folo koloko ikakwana ndinkanjanjitsa pakhonde panga mpaka dzuwa litapendeka. Anansi anadandaula za phokoso. Ndinawauza kuti asankhe pakati pa phokoso limeneli ndi nyimbo zimene ndinkaimba pobwera kumowa. Sanadandaulenso. Ichi ndi chachiwiri chimene ndingakuuzeni: dziwani ola lanu. Aliyense muno ali nalo. Musalisiye lopanda kanthu, ndipo chimene muikepo chikhale chotopetsa thupi komanso chokhala ndi anthu okudikirani.

Malamulo ndinawaphunzira powalakwira. Timu imakhala ya anthu asanu. Ukayenda ndi mpira osaunjanjitsa, wapita kwa adani. Ukanjanjitsa, n'kuugwira ndi manja awiri, n'kuyambanso kunjanjitsa, wapitanso. Ukaima, phazi limodzi limakhazikika pansi ndipo umazungulira pa ilo. Pa chimenechi chokha ntchemberembaye inandithandiza, pamodzi ndi kupatsira kochokera pachifuwa. Koma kuuma kuja kunanditengera miyezi iwiri. Ndikagwira mpira, bwalo lonse linkakuwa kuti ndiyende, ndipo a Nachisale anandilanda mpira kambirimbiri moti anayamba kumandithokoza asanautenge.

Kuponya nakonso kunandichititsa manyazi. Mpira wa basiketibolo ndi waukulu komanso wolemera kuposa umene ndinazolowera, ndipo kuseri kwa ring'i kuli thabwa. Ine thabwalo ndinkaliona ngati chokongoletsa. Anandiphunzitsa kuti ukamathamangira ku ring'i kuchokera kumanja, umaponda phazi lamanja, kenako lamanzere, n'kudumpha, bondo lamanja m'mwamba, n'kuugunditsa mpira pakona ya kabokosi kojambulidwa pathabwapo. Umalowa wokha. Masitepe ndi awiri basi. Ine ndinkaponda atatu, nthawi zina anayi. Tsiku limene ndinaponda awiri mpira n'kulowa, ndinaima n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna wonena kuti ndalakwa. Panalibe.

Tsopano ndinene chimene chinandivuta kuposa zonsezi. Pabwalo pathu palibe woimbira. Lamulo la a Mwanaisha ndi lakuti wolakwa amadzinena yekha: umatukula dzanja n'kunena kuti "yanga." Wina akadandaula kuti wakankhidwa koma wokankhayo n'kukana, sipakhala mkangano. Onse amangokhala pansi pasimentipo, chete, mpaka wina atanena.

Ndinazionera ndekha mu Malichi. A Nachisale ankapita ku ring'i, ine ndinawagwira mkono. Anadandaula. Ndinati sindinawakhudze, ndipo ndinanena mwaluso, ndi nkhope yowongoka, monga ndinkanenera kuti m'botolo muli madzi. Anthu asanu ndi anayi anakhala pansi. Simenti ya Salima mukuidziwa mmene imatenthera ngakhale folo koloko. Ndinatsala chiimire ndekha mpira uli m'khwapa. Palibe anandiyang'ana. Wina ankamanga chingwe cha nsapato, wina ankachotsa kamwala m'chikhatho. Ndinadabwa kuona kuti pakamwa panga pakukanika kutulutsa liwu limodzi laling'ono, pa nkhani yopanda pake, ya mkono. Ndinawerenga mumtima kufika makumi asanu ndi limodzi. Kenako ndinatukula dzanja. Anadzuka, anasansa kumbuyo, masewera anapitirira, ndipo palibe anaitchulanso. Chimenecho chinandidabwitsa kuposa kukhala pansi kuja. Ndinkadziwa kuti munthu ukavomera amakunyoza nazo chaka chonse.

Mu Meyi ndinagwa. Kunali chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chipoka, Loweruka masana. Ndinali nditatha miyezi inayi osalawa, ndipo ndinkadzimva wamphamvu. Mayi wina anandipatsa kapu yapulasitiki nati ndingonyowetsa kukhosi, ukwati si maliro. Kapu inakhala makapu. Ndinagona kwa azakhali Lamulungu lonse, ndipo iwo ankaganiza kuti ndatopa ndi kuvina. Palibe wa kwathu anaona.

Lolemba ndinasamba, ndinatafuna masamba a bulugamu, ndinapita pabwalo. Tinayamba ndi kuyenda ndi dzanja lamanzere monga mwa masiku onse. Mpira unandipulumuka ndisanafike pakati. Ndinautola. Unapulumukanso. Kachitatu unagunda bondo. Kwa mwezi wathunthu ndinali ndisanautayepo. A Mwanaisha anatsitsa zala zawo n'kupinda manja. Anzanga anangoima. Ndikanatha kunena kuti malungo. Ndinali nditakonzeratu mawu ake m'njira. Koma ndinatukula dzanja.

"Yanga. Loweruka, ku Chipoka."

"Tamva," anatero anesi. "Bwererani pamzere, muyambirenso."

Titamaliza anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundiuza kuti pa zikondwerero ndizipita ndi chakumwa changa m'manja, ndipo ndizinyamuka anthu akangotha kudya. Ndimachita zimenezo mpaka pano. Chachitatu ndi chimenecho: mukagwa, nenani msanga kwa munthu mmodzi amene sangakunamizeni kuti palibe vuto, komanso sangakutayeni.

Achimwene anabwera mu Julayi, atatha kukolola, osandiuza. Ndinamva pambuyo pake kuti anayambira kwa mayi wa kachasu, amene anawauza mokwiya kuti kasitomala wawo analandidwa ndi mpira. Anafunsa pamsika, anafunsa anansi. Kenako anafika pabwalo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pabondo. Nditawaona ndinaponda masitepe anayi. Anaonerera mpaka kumapeto ngakhale samadziwa lamulo ndi limodzi lomwe.

Titamaliza ndinapita kukagwada pambali pawo, thukuta likuyenderera. Anati aliyense amene amufunsa wanena zofanana, kuti chiyambire Januwale sindinalawe. Anati sukulu ikutseka pakatha masabata awiri, ndipo abwera naye Tiyamike ndi katundu wake yense, adzayambe kalasi yatsopano kuno. Anavala chipewa. Atayamba kudzuka anafunsa, mongomalizitsa nkhani:

"Palibe china chimene ndiyenera kudziwa?"

Masabata awiri. Za ku Chipoka sakanazimva kwa wina aliyense. Anzanga a pabwalo sakanandiulula, ndipo anesi anali patali akusonkhanitsa mipira, msana uli kwa ife. Ndinali nditakhala miyezi isanu ndi inayi osagona nyumba imodzi ndi mwana wanga. Ndinawauza. Tsiku, malo, ndiponso kuti sanali makapu awiri okha.

Achimwene anakhalanso pansi. Kenako anati mwanayo ayambe kaye teremu yoyamba ku Chitala, tidzaonane mu Disembala. Ndinawachonderera. Ndinati ndikanatha kukhala chete. Anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake atchula Disembala m'malo mongonyamuka.

Musaganize kuti ndinamva kupepuka mumtima. Ndinakwiya. Ndinauza a Mwanaisha kuti lamulo lawo la dzanja landilanda mwana miyezi ina isanu. Anati chimene chandilanda mwanayo ndi kapu ya ku Chipoka, ndipo Lachisanu tiphunzira kutchinga, ndisachedwe. Madzulo amenewo ndinafika mpaka pampanda wa mayi wa kachasu. Ndinaima pamenepo ndikumva fungo. Chimene chinandibweza si mphamvu ya mtima ayi. Ndinangoganiza za dzanja lamanzere Lachisanu, pamaso pa anthu asanu ndi anayi, ndipo ndinalibe mphamvu zonenanso "yanga" kachiwiri.

Miyezi isanuyo ndinaphunzira kutchinga: kutsika m'mawondo, kuyenda cham'mbali osapingasa miyendo, kuyang'ana m'chiuno mwa mdani osati mpira, chifukwa mpira ndi maso zimanamiza koma chiuno chimapita kumene munthu akupita. Ndinaphunzira kupatsira mogunditsa pansi. Tinasewera ndi atsikana a pasukulupo, anatichinya mopanda ulemu, ndipo ine ndinatulutsidwa m'masewera chifukwa cholakwira anzanga kasanu gawo lomaliza lisanathe. Ndikadali wophunzira. Pa timu yathu ndine wakhumi mwa khumi ndi awiri, ndipo awiri ali pansi pangawo anayamba mwezi watha.

Mu Disembala achimwene sanandiuzenso tsiku. Linali Lachitatu, cha m'ma hafu folo. Tinali pamzere woponya kuchokera kumanzere, aliyense kasanu. Nditaponya kawiri ndinaona achimwene akulowa pageti la sukulu, chikwama chili paphewa, ndowa yapulasitiki m'manja, kumbuyo kwawo mtsikana amene sindinamuzindikire msanga. Kunyumba sanapiteko n'komwe, anabwera molunjika pabwalo. Ndinataya mpira kuti ndithamange. Anesi anandigwira mkono nati kwatsala katatu. Ndinaponya katatu konseko osaona thabwa, ndipo sunalowe ndi kamodzi komwe.

Tiyamike anali atatalika kufika pachifuwa panga. Mano akutsogolo amene anachoka ndili naye anali atamera, aakulu, ndipo tsitsi anamumeta. Ndinatambasula manja. Iye sanathamange. Anayang'ana kaye amalume ake, kenako anapinda mawondo, dzanja lina litagwira mkono, monga amalonjerera mlendo ku Chitala.

"Muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

"Ndili bwino, zikomo."

Achimwene anaika ndowa pansi, anati minibasi yomaliza iwasiya, ndipo anatembenuka.

Papita miyezi iwiri tsopano. Amagona m'nyumba mwanga, amadya zimene ndaphika, ndimamuperekeza kusukulu. M'mawa uliwonse amandilonjerabe choncho, mwaulemu, ngati mlendo. Sindimukakamiza. Inu amene ana anu ali kwa abale, musayembekezere kuti tsiku lowalandira adzakulumphirani m'khosi. Wanga anabwera, ndipo tikuyambira pa moni.